Malata afika, munda sunapite

Sabata ino anandiitanitsa kumudzi, kwa Mkhumba, kuti ndikakhale mboni pobwereketsa munda wa achemwali anga.

Inu amene si a kuno ndikuuzeni kaye. Kwathu munda ndi wa akazi. Unali wa amayi athu, lero ndi wa achemwali anga a Felesiya, mawa udzakhala wa ana awo aakazi. Ine mwamuna ndinapita kukalima kwa eni ake, kumene ndinakwatira. Koma pa munda wa kwathu palibe chingachitike ine mwinimbumba ndisanavomere. Ndiye foni ikalira kuti "achimwene bwerani, pali nkhani ya munda," munthu umasiya tiyi pa tebulo n'kuyamba kufunafuna nsapato.

Ndinapeza anthu atatu atakhala pakhonde. Panali a Felesiya eni ake. Panali a Namakhwa, mkulu wa mpingo wathu, munthu woti ngakhale atatola ndalama pamsewu akhoza kuyenda nayo mudzi wonse kufunsa mwini wake. Ndiye panali a Chikopa, venda wa nandolo uja amachita lendi minda ya anthu chaka ndi chaka, njinga yawo yamoto ataiimika pamthunzi.

Moni tisanamalize n'komwe, achemwali anayamba.

"Achimwene, ife tagwirizana kale, inu mungomva. A Chikopa alima munda uja chaka chino."

"Munda uti?"

"Wa kumtunda uja."

"Wonse?"

"Wonse."

"Nanga inu ndi zidzukulu zanu mudya chiyani?"

"Tiona konko. Maganyu alipo."

Maganyu! Mayi wa imvi, wa munda wakewake, azikagalauza mizere ya anthu ena kuti alandire kambale ka ufa?

Nkhani yake ili chonchi. A Felesiya ndi wapampando wa kagulu kamene kamayendetsa sukulu ya mkombaphala m'mudzimo, ndipo a Namakhwa ndi msungichuma. Palibe amalandira kanthu. Amaphika phala, amaphunzitsa tiana kuyimba ndi kuwerenga, basi. Tianato takhala tikuphunzirira pakhonde la tchalitchi, ndipo kukakhala maliro kapena msonkhano wa amayi, sukulu kulibe. Chaka chino mudzi unadzipereka. Anaumba njerwa, anaotcha, anamanga zipupa ndi matope mpaka kupitirira mazenera. Kenako anapempha thandizo ku ofesi ina ya boma imene imathandiza timagulu tosapanga phindu, ndipo anawavomera: malata, matabwa, misomali, ndi simenti ya pansi. Tsiku limenelo akuti nthungululu zinamveka mpaka kutsidya.

Koma aliyense amene anagwirapo thandizo lotere akulidziwa lamulo lake. Yamba wagula ndi zako, ubweretse malisiti, tidzakubwezera.

Ndi zako ziti?

Ndipo uno ndi mwezi wa Okutobala. Chizimalupsa chagwa kale, mitambo yayamba kusonkhana pa phiri la Michesi madzulo alionse. Chipupa cha matope chopanda denga inu mukuchidziwa. Mvula yamphamvu imodzi yokha, thukuta la mudzi wonse lili pansi.

Ndiye achemwali anga anawerengera zimene ali nazo, n'kupeza kuti chatsala ndi munda. Mbuzi analibe. Mbuzi zinapita ulendo wina, kagulu komweka katalandira thandizo la mapoto, mbale ndi mphasa. Anagulitsa mbuzi zawo, anagula katundu, anapereka malisiti, n'kuyamba kudikira. Anadikira mpaka anthu anakolola, anadya, n'kubzalanso. Ndalama itabwera inali yokwana ndithu, palibe anaba. Kungoti mitengo ya zinthu inali itathawa, moti ndalama ya mbuzi inagula nkhuku.

Ine owerenga anga mumandidziwa, mtima wanga uli pafupi. Ndinauza a Chikopa kuti ndalama yawo ayambe aibweza m'thumba.

"Madala, ine sindikukakamiza munthu," anatero akuseweretsa makiyi. "Koma mizere siyidikira. Mukachedwa ndilowera kwa Chiwalo, kuli minda ikundiyembekeza."

A Namakhwa nawo anandigwira dzanja. "Musapse mtima, aphunzitsi. Ndi mmene boma limayendera. Ife tinazolowera."

Mawu amenewo ndi amene anandimaliza. Tinazolowera! Ndinanena poyera kuti pa munda umenewo sindivomera kanthu ndisanakaone nkhope ya munthu amene amakhala mu ofesi n'kumauza amayi a kumudzi kuti ayambe agula malata ndi zawo. A Chikopa anati atipatsa mpaka kutha kwa sabata.

M'mawa mwake ine ndi achemwali tinakwera makabaza kulowera ku boma. Njira yonse ndinkakonza zokanena. Ndinali nazo zokoma, zina za m'Baibulo, zina zoti sizingalembedwe mu nyuzipepala ino. Wakabaza wanga anachita kucheuka kufunsa ngati ndikulankhula ndi iye.

Mu ofesimo tinapeza mayi Mhango, mtsikana ndithu, wochokera kumpoto, amene amayang'anira timagulu ta mbali yathu. Anatipatsa mipando, anagwadira achemwali anga powapatsa moni. Ulemu umenewo sunandibweze. Ndinamasula thumba lonse. Ndinafunsa ngati boma likudziwa kuti anthu amene limati likuwathandiza ndi amene akulikongoza. Ndinafunsa ngati malamulo amenewa anawalemba munthu woti anaonapo chipupa chikugwa. Iwo ankangomvetsera, dzanja lili pachibwano. Nditafika pa nkhani ya munda anandidula.

"Pepani adada, mwati munda?"

"Munda! Wa amayi athu!"

Anatembenukira kwa achemwali. "Amama, ndalama za malata tinaika kale ku akaunti ya gulu lanu mwezi watha. Ine ndakhala ndikudabwa kuti bwanji simukukatapa. Ndimati ndibwere ndidzaone, koma njinga yathu ilibe mafuta."

Ndinayang'ana achemwali anga. Nkhope yawo inali phee, ngati munthu amene wauzidwa kuti kunja kwacha.

"Achemwali, izi mukuzidziwa?"

"Eee, tikuzidziwa. Anatiuza pa msonkhano."

"Ndiye?"

"Ndiye malisiti tilibe, achimwene. Tikatapa bwanji ndalama za boma popanda malisiti? Komiti inakambirana. Tinaona kuti zija angotisungira, kuti tikagula ndi zathu asatichedwetse kubweza ngati ulendo uja. Mpaka tinathokoza Mulungu kuti boma layamba chifundo."

Zonse ndinakonza pa kabaza zija zinathera pomwepo.

"Ayi amama, ayi!" anatero mayi Mhango, ataimirira. "Ndalama zija ndi zoti mugulire. Mukatape, mugule malata, malisiti abwere pambuyo. Ndikadzaona denga ndi maso anga, gawo lachiwiri la simenti lituluka."

"Osatimanga?"

"Akumangeni ndani?"

"Abambo a ku boma amene anatiphunzitsa za malisiti kale aja anachita chonchi." Achemwali anapingasa manja awo pamodzi, mmene amakhalira munthu womangidwa unyolo. "Anati aliyense wokhudza ndalama ya boma popanda lisiti, ana ake azikamuonera pa waya."

Ndinkayembekeza kuti mayi Mhango aseka. Sanaseke. Anakhala pansi. Kenako anatiuza kuti kachitidwe katsopanoka sikanagwe kumwamba. Timagulu ngati ka achemwali takhala tikudandaula kwa nthawi yaitali, ndipo tina tinkachita kubweza thandizo osalikhudza chifukwa chosowa poyambira. Iwo ndi anzawo anakhala akulemba, akukangana ndi akuluakulu awo, mpaka zinatheka kuti gawo loyamba lizitsogola. "Ndiye ndimve kuti munthu akubwereketsa munda ndalama ili ku banki," anatero, "mwandipweteka mtima, amama."

Mwina inu mukuwerenga muli pa sofa ku Blantyre mwaseka kale. Sekani, inenso pobwerera ndinaseka mpaka wakabaza anaima. Koma mukatha kuseka mundiyankhe: ndani anawaphunzitsa mantha amenewa?

Anthu awa si opusa. Mawu onse a pa msonkhano anawamva bwinobwino. Chimene sanakhulupirire n'choti boma lingakhulupirire iwo. Moyo wawo wonse aona kuti wosauka amayamba waonetsa umboni, thandizo pambuyo. Wauzidwa kuti ndalama ya boma ndi moto, ndipo waona ndi maso ake kuti amene amapsa nawo ndi wamng'ono. Ndiye tsiku lina umuuze kuti nayi, tenga, ukagule. Iye aganiza chiyani? Aganiza kuti pali pamene sanamve bwino, ndipo asankha kutaya munda wake kusiyana ndi kutaya mbiri yake.

Ndiye lero ndilekeni ndiyamike. Mukudziwa kuti ine ndi boma sitimwera chikho chimodzi kawirikawiri, ndipo pa tsamba lino ndalikalipira kokwanira. Koma amene anaganiza zoti ndalama izitsogola ntchito anaganiza ngati munthu wobadwa kwa mayi. Ndikuwavulira chipewa, ndi dazi langa lomwe.

Chifukwa taganizani. Lamulo loti yamba wagula linapangidwira ndani? Bungwe lalikulu la m'tauni, la magalimoto olembedwa m'mbali, silimva kanthu. Lili ndi pogwira. Litapa apa, ligula, lidikira miyezi ingapo likumwa tiyi, ndalama ibwera. Koma kagulu ka kwa Jenala, ka amayi osamalira odwala m'makomo, chuma chake chonse ndi ndowa, mabuku awiri ndi mtima wabwino. Mukakauza kuti kayambe kagula, mwakauza kuti thandizoli si lako. Kapena mwakatumiza kwa wakatapila. Kapena mwatumiza wapampando wake kukhola, kukasankha mbuzi yoyamba kupita.

Ndipo zimenezi sizilembedwa paliponse. Lipoti likamapita kumtunda limati sukulu yamangidwa, mapoto agulidwa, ntchito yayenda bwino. Zoti msungichuma anapinyolitsa njinga yake, zoti banja la wapampando linagona ndi njala mwezi wa Febuluwale, lipoti silidziwa. Anthu ongodzipereka, osalandira ngakhale sopo, ndi amene akhala akubwereka boma ndalama popanda chiwongoladzanja. Kodi zinayamba zamvekapo kuti wopempha ndi amene amakongoza wopereka?

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Thandizo lolonjezedwa silifolera nyumba. Ntchito za kumudzi zili ndi nyengo yake: denga likhomedwe mvula isanagwe, chimanga cha phala chigulidwe pokolola chisanakwere mtengo, mbande za mitengo zifesedwe kukadali chilimwe. Ndalama yobwera nyengo itapita, ngakhale ikhale yokwana, yafika pa maliro.

Ndikudziwa chimene ena a inu mukunena. Mukuti, aphunzitsi, mwaiwala mabungwe a m'chikwama? Aja oti ofesi yake ndi thumba la jekete, akalandira ndalama foni yazima? Sindinaiwale. Alipo, ndipo ena timapemphera nawo. Koma tandiuzani, lamulo la malisiti linagwirapo angati? Wakuba ndi amene amabweretsa malisiti okongola kuposa onse, osindikizidwa bwino, opanda ndi dontho la thukuta lomwe. Amene lamulo lija limamugwira pakhosi ndi munthu woona mtima wopanda poyambira.

Njira yogwirira wakuba ndi imene ananena mayi Mhango. Pereka gawo loyamba, nyamuka pampando, pita ukaone denga. Ngati denga palibe, gawo lachiwiri lisatuluke, ndipo wodya ndalamayo akayankhe. Lata silibisika, limawala patali. Kungoti amene mumagawa mafuta a njinga za m'maofesi, chonde, mtsikana uja mupatseni mafuta. Akanafika kwathu mwezi watha, ine sindikanawononga mawu anga abwino pa munthu wosalakwa.

Ndipo mukasintha lamulo, musangolengeza pa msonkhano n'kukwera galimoto. Mantha amene munawabzala kwa zaka zambiri sazuka ndi chiganizo chimodzi. Bwerezani. Funsani anthu kuti, tsono mawa mukachita chiyani? Mukanawafunsa a Namakhwa funso limenelo, akanakuyankhani mosabisa kuti mawa tikafuna wobwereka munda.

A Namakhwa amenewo ndiye anatipatsa ntchito. Ku banki sikutuluka kanthu popanda dzanja lawo, ndipo titabwerera kumudzi ndi uthenga anapukusa mutu.

"Aphunzitsi, inu mukagona kwanu. Womangidwa ndine."

Ndinawaimbira mayi Mhango pa foni yanga kuti amve okha. Anamvetsera ataima, chipewa chili m'manja, akuyankha kuti "inde, mayi, inde, mayi." Foni itadulidwa anati mawu a pa foni alibe mboni. Apa ndinatsala pang'ono kulakwira mkulu wa mpingo. Amene anatipulumutsa ndi mayi Mhango omwewo. Nditawaimbiranso, anati ngati ndi choncho tikakumane pakhomo pa banki, iwo akaima pambali pa a Namakhwa posayina, ndipo ngati kuli kumangidwa akayambire iwo. Anabweradi, pa kabaza, ndi ndalama ya m'thumba mwawo.

Mukanawaona a Namakhwa akusayina! Thukuta linali kamukamu. Atalandira ndalama anayang'ana kukhomo, kumene kunaima mlonda wa yunifolomu. Mlondayo anawatsegulira chitseko n'kunena kuti, "Muyende bwino, bambo." Titafika panja mkuluyo anaima, anapuma mozama, n'kuyamba kuseka. Anaseka mpaka anagwira mawondo. Ine chibadwire sindinawaonepo mano a m'kati.

Kusitolo ndiye kunali chionetsero. Munthu amene dzulo lake ankaopa kukhudza ndalama anasanduka mkango. Lata lililonse analigogoda, analiyang'anitsa padzuwa, lopindika pang'ono analibweza. Lisiti analitenga ndi manja awiri, analipinda bwinobwino n'kuliika m'thumba la m'kati, pamtima.

Malata analowa m'mudzi pa ngolo, masana dzuwa likuswa mtengo. Sindikudziwa amene anauza anthu, koma tinawapeza akudikira pamphambano. Amayi anavula zitenje n'kumayala mumsewu kuti ng'ombe zipondepo. Tiana ta mkombaphala tinkathamanga m'mbali tikukuwa kuti "malata athu, malata athu!" Nyimbo inayambika ya Chilomwe, ija amayi athu ankaimba pobwera kokolola, ndipo achemwali anga, ndi msana wawo wovutawo, analowa m'bwalo. Ine ndinayesa kudzigwira monga mphunzitsi wopuma. Sizinatheke. Ndinavina, abale, ndinavina mpaka fumbi linalowa m'masokosi, ndipo sindikupepesa kwa aliyense.

Mmisiri anakwera tsiku lomwelo. Pamene ndikulemba pano mbali imodzi yafoleredwa, ndipo phokoso la hamala likumveka mudzi wonse. Mitambo ya pa Michesi ichite zimene ikufuna.

A Chikopa anafika pa tsiku limene ananena, ndalama ili m'thumba, ali ndi chikhulupiriro chonse. Anaona denga likuwala, anaona ine nditakhala pakhonde mwendo uli pa unzake. Ndinatsegula pakamwa kuti ndilankhule monga mwinimbumba, koma achemwali anandiposa.

"A Chikopa, pepani mwavutika ulendo. Munda uja eni ake alima okha."

"Mayi, tinagwirizanatu."

"Tinagwirizana ndili ndi mantha. Pano atha. Kwa Chiwalo mukafike bwino."

Munthuyo analiza njinga yake n'kumapita. Achemwali anamuyang'ana mpaka anakhota, kenako analowa m'nyumba, anatulutsa mbewu ya chimanga imene anali ataimanga kale kuti akagulitse, n'kuyamba kuimasula. Ndinaona misozi ikugwera m'lichero. Chaka chino adya za m'munda mwawo.

Kwathu zatha bwino, ndipo ndakondwa kuposa mmene ndingalembere. Koma a Chikopa sananame, kwa Chiwalo kuli minda ikuwayembekezadi, ndipo sindikudziwa kuti eni ake akuibwereketsa chifukwa chiyani. Ndiye inu a m'maofesi ena amene mukadali pa lamulo loti yamba wagula, mawa m'mawa mayi wina adzakugwadirani n'kukupatsani malisiti osalala bwino, onse okwana. Musanadinde chidindo chanu, mudzalimba mtima kumufunsa kuti anagulitsa chiyani?